Chingwe cha NyaPhiri

"Ine ku Luwawa ndilibe manda, alamu," anatero a Saulosi, maso ali pa nsapato zawo zodzadza utuchi. "Nyumba ndi ya kampani, mitengo ndi ya kampani, ndi dothi lomwe si langa. Mlongo wanga ndikamuika pati, pakati pa mapaini?"

"Mbwenu mutengereni kwanu ku Dedza," anayankha a Lyford Shawa.

"Ku Dedza akutidziwa ndani? Bambo athu anachokako ife tisanabadwe."

Anali pa benchi kuseri kwa chipatala, pa Mzimba Boma, moyang'anana ndi chitseko cha mochale. Mkatimo munagona Christobel, mlongo wake wa a Saulosi, yemwenso anali mkazi wa malemu Kingstone, mkulu wake wa a Lyford. Amuna awiriwa anayamba nkhaniyi m'mawa ndithu, ndipo amayiyendetsa mwaulemu kwabasi, kupatsirana mtembo ngati alendo okanirana nthuli yotsiriza m'mbale. Palibe anakweza mawu, ndipo palibe anatchula dzina la womwalirayo.

Patience anakhala pansi chapatali pang'ono, atawongola miyendo, manja atawabisa m'chitenje. Womwalirayo anali mayi ake. Kuyambira dzulo lake anali akudziuza zimenezi, koma mumtima munali zii. Chomwe amamva ndi chisanu cha mwezi wa Juni basi, ndi fumbi lomwe mphepo imamuthira m'maso. Anayesa kulira ali m'basi pobwera, poti mwana wamkazi amayenera kufika pamaliro akulira, koma anangoyasamula.

Mayi akewo amawakumbukira pang'ono. Christobel anakwatiwa ku Engutwini ndi ng'ombe, monga mwa mwambo wa kumeneko, ndipo apongozi ake amamutcha NyaPhiri. Kingstone atafera ku Joni, matenda a khunyu omwe Christobel anali nawo chibadwire anakula, mpaka tsiku lina anagwera pamoto. A kuchimuna anati mayiyu adzawotcha mudzi, apite kaye kwawo akapezeko bwino, koma mwana atsale poti ndi wa ng'ombe zawo. Ku Luwawa anakapeza chipinda chimodzi, ana asanu, ndi mlamu amene anamupatulira kapu yakeyake ndi mbale yakeyake. Sanakhalitseko. Anatsikira pa Boma, n'kumatungira madzi a malesitilanti, kusankha nyemba za ogulitsa pamsika, kukada n'kumagona pakhonde la chigayo china pafupi ndi depoti. Patience anali mu Sitandade 3 nthawi imeneyo, ndipo tsopano anali namwali woti ng'ombe za malowolo ake, zochokera kwa makolo a bwenzi lake Ian, zikubwera anthu akangotha kukolola. A Lyford, omwe anamulera, anali atakulitsa kale khola ndi mitengo yatsopano.

"Ife sitinamuthamangitse," a Lyford amapitiriza. "Tinati akapume. Iye n'kusankha kugona m'makonde ngati alibe anthu. Mukudziwa zomwe amachita azimayi a m'makonde, alamu? Ndiye mutu unadzasokonekeranso. Anyamata akwathu anamuona ndi maso awo m'mamawa, atamumanga chingwe kumwendo ngati mbuzi. Munthu wotero ndikamugoneke pambali pa akulu anga? Abale andimva bwanji?"

A Saulosi sanatsutse. Anangopukusa mutu mwachisoni, chisoni cha munthu amene akusangalala kuti mlandu ukupita kwina.

Nkhani ya chingweyi Patience anakula nayo. Ana anzake amamuimbira nayo kusukulu. Akatumidwa pa Boma kukagula feteleza kapena mchere, amazungulira njira ya kupositi kuti asadutse pachigayopo.

Chitseko cha mochale chinatseguka, n'kutuluka bambo wa jombo zoyera. Anawomba m'manja pang'ono asanalankhule.

"Achibale, mwagwirizana? Ine sindikukuthamangitsani ayi. Kungoti mtembo ukakhala wopanda mwini timasunga kwa kanthawi, kenako amadzaunyamula akaidi kukaika ku manda a boma. Ndangoti mudziwe. Chinanso, kaya autenga ndani, pakufunika azimayi osambitsa."

Amuna awiri aja anayang'anana. Akazi a a Lyford anali atakana kubwera, ati khunyu imapatsirana ngakhale mwini wake atafa. Akazi a a Saulosi nawo mutu unawagwira mwadzidzidzi m'mawa womwewo. Kusambitsa maliro ndi ntchito ya amayi aakulu, osati mwana wa womwalirayo, koma amayi aakuluwo anali kwawo akuwotha dzuwa.

Pansi pa mtengo wa bulugamu, cha kumpanda, panakhala azimayi angapo omwe Patience amawayesa odikirira odwala. Mmodzi anadzuka, n'kudzikung'untha fumbi. Anali wowonda, wa msinkhu wosapitirira kwambiri wa Patience, koma wonenepa modabwitsa m'chiuno, ngati wavala zovala za banja lonse. Anagwada patali ndi benchi.

"Yewo, adada. Ine ndine Lusayo, timagona limodzi ndi amama NyaPhiri. Ndiwasambitsa ine. Kweni munthu mmodzi sangawatembenuze."

Patience anadikira kuti wina amuletse, ndipo ataona kuti womuletsa palibe, anadzuka.

Mkati munali fungo la mankhwala ndi kuzizira kwina kosiyana ndi kwa panja. Bambo uja anawapatsa beseni, sopo ndi magolovesi, n'kutuluka. Lusayo anavundukula chitenje.

Nkhope inali ya mayi wokalamba, ngakhale Christobel anali asanakwanitse zaka makumi anayi ndi zisanu. Mano akutsogolo panalibe. Patience anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali, kufunafuna mayi amene amamuluka tsitsi pakhonde ku Engutwini, koma sanamupeze. Anangoona kuti makutu ndi ofanana ndi ake.

Kuvula kunatenga nthawi. Pamwamba panali juzi, m'kati diresi, ndiye masiketi awiri, ndipo pansi pa zonsezo buluku la jinzi lachimuna, lomangidwa m'chiuno ndi waya wopotedwa zolimba.

"Kuwodi anakana kuti awavule ili," anatero Lusayo akupotokola wayayo ndi zala. "Tonse timavala chonchi. Mwamuna akafuna kukuvula ayambe watuluka thukuta, mwina mpaka wina n'kudzuka."

Anayamba kumutu. Patience amanyowetsa kansalu, kupaka sopo, kupukuta, kufinya, monga amatsukira mbale za pa ukwati wa eni ake. Dzanja lamanzere linali ndi chipsera cha moto uja kuyambira pachigongono mpaka m'zala. Kumsana kunali zipsera zina zakale, zazitali ndi zazifupi, zomwe Lusayo amazidziwa chimodzichimodzi ngati mayina a midzi. Ichi ndi botolo. Ichi ndi lamba wa mlonda wina. Ichi anagwera pa mwala matenda atawagwira ali ndi ndowa pamutu. Nthiti za kumanja zinali bii, ndipo Patience atadutsitsapo kansalu anamva kuti m'katimo zinthu sizinalumikizane.

"Apa ndiye pamene pawapha," anatero Lusayo.

Patience anangogwedeza mutu, n'kutsikira kumiyendo. Inali yotupa, ya zilonda zina zopola zina zosapola. Atafika pa kakolo wa mwendo wamanja, dzanja lake linaima. Khungu linali lakuda ndi lokhakhala kuzungulira mwendo wonse, njira yeniyeni yodyedwa ndi chingwe kwa zaka. Ndiye kuti ana a kusukulu aja sankanama.

"Amawamanga ndani?" anafunsa. Mawu ake anatuluka wamba, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Kuwamanga?"

"Kwathu amati anapenga. Amati anthu a pachigayo amawamangirira pa nsanamira."

Lusayo anamuyang'ana, kenako anaseka kaphwete kopanda chimwemwe. Anavula golovesi, n'kukweza siketi yake yapamwamba ndi ina yam'kati, mpaka mwendo wa buluku. Pa kakolo wake panali njira yomweyo, yocheperako. Ndiye anapisa dzanja m'chiuno n'kuyamba kusolola chingwe chomwe anadzizengereza. Chinali chobiriwira, chopotedwa ndi neti yakale ya udzudzu, chachitali ndithu, ndipo mwakutimwakuti chinapindidwa n'kumangidwa mfundo kuti pakhale mphete yolowetsamo phazi.

"Anapota okha amama anuwa," anatero. "Kale tikagona pakhonde paja, amuna ochokera kumowa amangobwera n'kukoka mmodzi miyendo, kupita naye kuseri kwa chigayo. Enafe tili mtulo, tatopa ndi maganyu, kapena tamva kweni tikuopa. M'mawa munthu amangobwera n'kukhala pansi, palibe womufunsa. Ine zinandichitikira ndisanathe sabata pa Boma pano. Mbwenu amama anati zimenezi zatha, aliyense alowetse phazi umu. Akakoka mmodzi, akoka tonse."

Anayala chingwecho m'mbali mwa thupi, n'kumaloza mphete imodziimodzi.

"Wamng'ono kapena wodwala amagona uku, kukhoma. Enafe pakati. Iyi ya kumapetoyi ndi yawo, kumphepete, mbali ya kumsewu. Mvula ikawomba imayambira iwo, chisanu iwo, wobwera aliyense ayambe wadumpha iwo. Tikati tisinthane amakana. Amati ine khunyu inandithera kale manyazi, ndikakuwa ndimakuwa mpaka kudepoti amve."

"Nanga matenda akawagwira?"

"Chingwe chimagwedezeka, ife n'kudzuka, kuwagoneka cham'mbali, kuwapukuta thovu. Palibe anatengera, onani ine ndili bwinobwino."

Patience anagwira mphete ya kumapetoyo. Inali yaikulu kuposa zinzake chifukwa cha kutupa kwa mwendo, ndipo inali yosalala ndi thukuta.

"Ndiye Loweruka lija kunabwera atatu," Lusayo anapitiriza, akufinya kansalu. "Amafuna kamtsikana kena kangofika kumene, kali ndi pakati, tinakagoneka kukhoma. Anazungulira mwakachetechete chomene, kweni atangokakoka chingwe chinakoka amama. Anamugwira mmodzi mwendo, kumuluma ndi mano otsalawo, uku akukuwa. Winayo anatola chikuni. Anawamenya, kuwamenya, iwo osasiya mwendowo mpaka alonda a m'mashopu anafika. Amunawo anathawa, mpaka lero sanagwidwe. Kamtsikanako sanakachite kanthu, kali panja apo pa mtengo. Amama m'mawa anati ndi kupweteka chabe, apita kukatunga madzi. Atayamba kutsokomola magazi m'pamene anavomera kuti tiwabweretse kuno."

Anatembenuza thupi, Patience kumapewa, Lusayo m'chiuno. Linali lopepuka.

"Inu ndimakudziwani," anatero Lusayo osamuyang'ana. "Mukabwera pa Boma amama amakuonani patali. Amathawira kuseri kwa matumba a chimanga kuti anzanu asadziwe. Mukapita ndiye amatiuza tsiku lonse zomwe munavala."

Zaka zonsezi Patience amayesa kuti wozemba ndi iyeyo. Anadikira kuti mwina tsopano misozi ibwera, koma sinabwere. Anamaliza kupukuta mapazi, chala chimodzichimodzi, n'kumasula chitenje chake chatsopano chomwe anavala pamwamba, n'kuwafunditsa mayi ake.

Panja anapeza nkhani ili pomwe anaisiya. A Saulosi amafotokoza za kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, a Lyford akuvomereza ndi mtima wonse. Patience anapita n'kugwada patsogolo pa a Lyford, manja ake akununkhabe sopo wa mochale.

"Adada, ndifunseko."

"Nkhani za akuluakulu izi, mama. Khala uko."

"Ndi kafunso kamodzi. Ine ndine mwana wa kwa yani?"

A Lyford anaseka pang'ono, n'kuyang'ana a Saulosi. "Wa kwa Shawa. Ukufunsa zomwe ukudziwa?"

"Chifukwa chiyani sindinapite ndi amama pamene amachoka?"

"Ng'ombe zinapita kwa a Phiri. Mwana ndi wa khola lomwe munatuluka ng'ombe. Mwambo umenewo sunayambe ndi ine."

"Ng'ombezo zinabwezedwa?"

A Lyford anatsokomola. A Saulosi anayankha msangamsanga kuti sizinabwezedwe, ndipo palibe anazifunsapo, ndipo bambo awo anazigulitsa kalekale.

"Ndiye amama akadali mkazi wa kwa Shawa," anatero Patience. Samakweza mawu, ndipo maso ake anali pa mabatani a jekete la a Lyford. "Ng'ombe zomwe zinagwira ine n'zomwezo zinagwira iwo. Ngati lero mukuti si anu, ndiye kuti ukwati unatha tsiku lomwe munawatulutsa, ndipo inenso si wanu. Ndikwera ya ku Luwawa ndi amalume. A kwa Ian ndiwauza kuti ng'ombe zawo akaperekere kumeneko."

A Saulosi anadzutsa mutu mwachidwi.

"Iwe mwana, ukulankhula ndi ndani?" anatero a Lyford. "Ndakulera ine. Fizi, zovala, chilichonse."

"Munandilera, adada, yewo chomene. Sindikukana. Ndikungofunsa kuti ndi ziti, ndidziwe galimoto yokwera. Akawanyamula akaidi, ine ku Engutwini sindipondako."

Mphepo inadutsa ndi mapepala a maswiti. A Lyford anavula chipewa, kuyang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. Mwina amaganiza za mkulu wawo Kingstone, ndani angadziwe za mumtima mwa munthu. Koma Patience amawadziwa bambo ake aang'onowa, ndipo amaona m'maso mwawo khola lija la mitengo yatsopano lili mbee, anthu a m'mudzi akudutsa n'kumafunsana. Zinamunyansa kuti mayi ake, omwe analowa m'mudzimo chifukwa cha ng'ombe, abwereramonso chifukwa cha ng'ombe. Koma njira ina panalibe, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Alamu," anatero a Lyford pomaliza, "bokosi ndi lanu."

"Bokosi ndi langa," anavomera a Saulosi mopepukidwa, ngakhale kamthunzi ka ng'ombe zija kanadutsa pankhope pawo. Ananyamuka nthawi yomweyo kupita kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu.

"Kweni umve, Patience," a Lyford anakweza chala. "Ndamutenga, mbwenu. Koma m'nyumba salowa, tikangofika ndi kumanda. Ndipo pambali pa akulu anga sagona, abale sangalole. Munthu wa matenda amenewo, wofera pamsewu, malo ake ndi kumphepete kwa manda, cha ku njira. Pamenepo usandivutitsenso."

Anakonzeka kuti mwanayo alira, kapena ayambanso za ng'ombe. Koma Patience sanalire. Amadziwa manda a kwawo: agogo ake pakati, bambo ake chapafupi, timanda ta ana tambirimbiri cha kumtunda pansi pa mitengo, ndiye kunja kwenikweni njira yomwe amadutsa oledzera ndi ng'ombe zopita kudambo.

"Mbali ya kunjira?" anafunsa.

"Kunjira."

"Akumbe komweko, adada. Ndi komwe amagona."

A Lyford sanamve chomwe amatanthauza, ndipo sanafunse. Anatulutsa foni n'kupita potero kukauza a kumudzi kuti ayambe kukumba.

Bokosi linafika dzuwa litapendeka, la matabwa a paini osapala bwino, pa kagalimoto ka matola komwe a Saulosi anagwirizana nako. Azimayi a pa mtengo aja anadzuka onse n'kuthandiza kunyamula, ndi kamtsikana ka pakati kaja komwe, kakugwira pakona ndi dzanja limodzi. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya maliro, enawo n'kulandira motsitsa. Amuna awiri aja anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Patience anakwera kumbuyo yekha.

"Tiyeni tikaike limodzi," anauza Lusayo.

"Tikachoka tonse tikapeza khonde atalanda ena. Ndiponso uyu sangakwere galimoto ya mabampu." Analoza kamtsikana kaja. "Mukawauze amama kuti tinafika mpaka pano."

Chingwe chija chinali m'manja mwa Lusayo. Patience anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ndikawaikire m'bokosi. Ndi chawo."

Lusayo anachibweza kumbuyo. "Yayi, mama. Amama angatikalipire chomene. Kukada tigona bwanji?"

Dalaivala analiza injini, galimoto n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kugeti. Bokosi linagwedezeka, Patience n'kulitchinjiriza ndi phazi kuti lisasunthe. Atayang'ana m'mbuyo anaona azimayi aja akutola timitolo tawo. Lusayo yekha anali atakhala pansi pa fumbi, wavula patapata. Analowetsa phazi mu mphete ya kumapeto ija, n'kuona kuti ndi yaikulu. Anaivula, n'kumasula mfundoyo ndi mano, n'kuyamba kuimanganso pa muyezo wa mwendo wake.